Nsalu Yokhala ndi Mawondo

3 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Ine kuno ndili bwino, kupatula miyendo imene ikutupa ndi kuimirira kuwodi. Nanga Bambo ali bwanji? Pafoni mumangoti "aliko, aliko" ngati ndikufunsa za mbuzi. Ndilembereni zenizeni za maso awo ndi zimene adokotala ananena. Ndine namwino, musandibisire.

Tsopano imvani chimene chandigwiritsa cholembera. Mukuikumbuka situdiyo yojambula zithunzi ija inali pafupi ndi siteshoni ya sitima, pamene pano akugulitsapo matayala? Mwini wake adamwalira kalekale, koma akuti mkulu ameneyo sankataya kanthu. Pogwetsa chipinda chakumbuyo anapeza mabokosi a manegetivi ake onse, ena a pulasitiki, akalekalewo a galasi. Anthu a kunyumba yosungira zolemba zakale kuno kumzinda anawatenga, ndipo mwezi wathawu ayamba kuika zithunzizo pa intaneti kuti aliyense aziona.

Achimwene, n'zogometsa! Loweruka ndinati ndingosuzumira pang'ono, mphika unapserera pamoto. Zithunzi zikwi makumi atatu. Akwati, asilikali, aphunzitsi atagwira njinga, atsikana atavala nsapato zowakulira. Ukakulitsa chithunzi pa kompyuta umaona mpaka ulusi wa pabatani. Munthu ameneyo ankaidziwa ntchito yake, ndipo aliyense ankamujambula ngati bwana, ngakhale wonyamula katundu pasiteshoni.

Ndiye ndakumbukira chithunzi cha Bambo ali khanda, chija chimakhala chozondoka m'dirowa ya makina awo osokera, pansi pa mabobini. Kumbuyo kwake kuli chidindo cha situdiyo yomweyo ndi nambala. Chonde jambulani kumbuyoko ndi foni munditumizire. Ndi nambalayo nditha kupeza galasi lenileni, n'kuwatsukitsira chachikulu choti aone bwino maso asanawathere.

Ine mlongo wanu,
Namafunso wa Bambo

21 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata yako yafika ikununkha mankhwala a kuchipatala, ndipo yangayi ikupeza ili ndi zala za girizi. Tafanana. Alamu ako akupereka moni. Kugalaja ntchito ilipo, msana ndiwo ukudandaula.

Wati ndisabise, ndiye imva. Diso lakumanzere la Bambo latsala pang'ono kuzimiratu. Lakumanja akuti likuona ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Adokotala akuti mtsempha wa m'diso ukufa, opaleshoni siingathandize, ndipo mankhwala odonthezawa angochedwetsa basi. Chaka chino mwina sichitha akuona. Kusoka sanasiye, umawadziwa. Ulusi amawalowetsera alamu ako, msoko amaumva ndi chala, ndipo makasitomala sakudziwa kanthu.

Koma iwe, pa zithunzi zonse za m'nyumba muno wasankha chimenecho? Dzina la Namafunso sanakupatse pachabe. Iwe unali wamng'ono pamene Bambo anandiuza nkhaniyi, ndipo anaikamba kamodzi kokha. Mayi awo anachoka iwo asanathe chaka, osabweranso, ndipo nkhope yawo saidziwa. Anawalera ndi azakhali awo. Azakhaliwo akapsa mtima ankatulutsa chithunzicho n'kumati, "Taona, amako anakutula pampando wekhawekha ngati mtolo. Ngakhale pachithunzi anakana kukunyamula." Tsono iwe ukufuna kuwakulitsira chimenecho kuti chikhale chomaliza kuchiona? Ayi ndithu, zisiye zigone.

Komabe ndikudziwa kuti ndikakana undiimbira mpaka foni itenthe. Ndinadikira atapita kukametetsa, n'kutsegula dirowa ngati mbala m'nyumba yanga yomwe. Nambala ndi 4417. Ndajambula kumbuyo ndi kutsogolo komwe, ona pafoni. Uzionere wekha kumeneko, Bambo sindinawauze ndipo sindiwauza.

Mlongo wako wa kugalaja

9 Epulo

Achimwene,

Moni nonse. Zikomo pondiuza zoona za maso a Bambo. Ndinalira m'chipinda chosinthira zovala, kenako ndinasamba kumaso n'kubwerera kwa odwala. Nkhani ya azakhali ija sindinkaidziwa, ndipo yandiwawa kwambiri.

Nambala ndinailemba pa intaneti. Inatuluka, koma popanda chithunzi, pali mawu okha akuti "mwana wamwamuna, miyezi isanu, silinajambulidwebe." Ndiye tsiku langa lopuma ndinapita komweko. Anandilowetsa m'chipinda chapansi chozizira ngati mosungira mankhwala, mashelefu mpaka kudenga. Mmenemo ndinapeza mayi wina wamfupi, wa imvi, atavala magolovesi oyera. Ndiye amene amasamalira magalasiwo. Amatenga galasi limodzi, kulipukuta ndi kaburashi kofewa, kuliika pa tebulo lowala, kamera n'kujambula kuchokera pamwamba. Pomwepo kompyuta imatembenuza zakuda kukhala zoyera, ndipo munthu amene adafa kale amangoti tulukiru, kukuyang'ana. Amatha magalasi makumi anayi patsiku, ndipo pa zaka zonse akuti sanaswepo n'limodzi lomwe. Manja amenewo ndikanakonda akanakhala kuwodi kwathu.

Ndinamuonetsa chithunzi cha Bambo pafoni. Anachiyang'ana pang'ono chabe n'kundifunsa kuti, "Amene wanyamula mwanayu ndi ndani wanu?" Ine ndinati palibe wanyamula, mwanayo ali pampando wofundidwa nsalu. Anaseka. Anati, "Mwana wanga, khanda la miyezi isanu lingakhale lokha pampando? Si mpando uwu, ndi munthu."

Achimwene, khalani pansi. Akuti magalasi akale ankachedwa kugwira chithunzi, munthu ankayenera kukhala duu kwa kanthawi osagwedezeka. Wamkulu amatha, koma khanda silimva zimenezo. Tsono wojambula ankakhazika mayi pampando, kumufunditsa chinsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuika mwana pamiyendo pake kuti amugwire mwakabisira. Manja akaonekera ankawakanda pagalasipo ndi kampeni, ndipo potsuka ankadula m'mbali kuti patsale mwana yekha. Anandionetsa zithunzi zina khumi zotero. Pena phazi latulukira pansi pa nsalu, pena chala chatsalira pamimba pa mwana. Sikuti azimayiwo ankakana ana awo, inali njira yojambulira basi.

Vuto ndi lakuti bokosi la galasi la Bambo linanyowapo, maenvelopu anamatirira ku magalasi, ndipo pamndandanda wawo lili ku Okutobala. Maso a Bambo adikira mpaka Okutobala? Chonde auzeni zimenezi. Mayi awo anawanyamula.

Mlongo wanu

2 Meyi

Namafunso mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Ndili bwino monga mmene nkhalamba imakhalira bwino. Akulemba ndi apongozi anga, akazi a mlongo wako, ine ndikungoyankhula, ndipo ndawauza kuti asachotse liwu ngakhale limodzi.

Mlongo wako ndi wochenjera pa injini pokha. Anabisa kalata yako m'thumba la ovolosi, kenako n'kundipatsa ovolosiyo kuti ndiyike chigamba pabondo. Telala amapisa m'matumba asanasoke. Apongozi anandiwerengera yonse.

Choyamba, dirowa ya makina anga si msika. Amene akufuna kanthu mmenemo apemphe kwa mwini wake.

Chachiwiri, mayi wa magolovesiyo ndi wanzeru ndipo ndikumulemekeza, koma sanakuuze chachilendo kwa ine. Ndagwira nsalu zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndikudziwa mmene nsalu imagwera pampando ndi mmene imagwera pa munthu. Ndili ndi zaka makumi awiri, nditangophunzira kudula, ndinayang'ana chithunzicho n'kuona kuti nsaluyo ili ndi mawondo. Ndinaona ndi phewa lomwe. Sindinauze munthu. Ukuganiza kuti zinanditonthoza? Zinandipweteka kuposa mawu a azakhali. Ndinati, ndiye kuti analipo, anandigwira, koma analolera kudzifunditsa chinsalu kusiyana n'kuti nkhope yake ioneke pamodzi ndi yanga. Iwe ukuti inali njira yojambulira. Chabwino. Nanga kuchoka osabweranso inalinso njira yojambulira?

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi. Ndakulerani awiri, amayi anu ndinawaika m'manda mwaulemu, sindinasowe kanthu kwa munthu amene anandisiya. Kuwala kumene kwanditsalira n'kochepa, ndipo ndikufuna kukugwiritsa ntchito poona nkhope zanu. Usawavutitse anthu a ntchito zawo chifukwa cha ine. Zisiye.

Ubwere pa tchuthi chako. Miyendo uziyiika pamwamba ukaweruka.

Bambo ako

11 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Kodi wamwalira? Miyezi iwiri yopanda kalata, pafoni umangoti "ndili pantchito" n'kudula. Ngati wanyanyala chifukwa Bambo anakukalipira, dziwa kuti ine anandikalipira kuposa iwe, ndipo chigamba cha ovolosi anachisoka ndi ulusi wofiira dala kuti kugalaja azindiseka.

Tinapitanso kwa adokotala Lachiwiri. Diso lakumanzere lazima. Lakumanja bowo lija lachepa, akuti miyezi iwiri kapena itatu. Sabata yatha Bambo anasoka thumba la shati mozondoka, n'kulimasula okha mwakachetechete. Madzulo ake anafunditsa makina ndipo sanawavundukulenso.

Tsono imva chimene chandidabwitsa. Munthu amene anati "zisiye" tsiku lililonse ndikamachokera kuntchito amandifunsa kuti, "Wadzera kupositi?" Ndikati kulibe kanthu amati, "Ndimangofunsa." Dzana alamu ako anawapeza pakhonde atagwira chithunzi chija pafupi ndi diso, akuchiyendetsa pang'onopang'ono. Atamva mapazi anachilowetsa m'thumba n'kuyamba kutsokomola.

Ine ndi amene ndinati zigone, ndikuvomera. Ndinalakwa, sizinagonepo n'kale lomwe. Ngati uli ndi kanthu tumiza msanga, chabwino kapena choipa. Ngati ulibe, lemba chabe kuti ulibe, kusiyana n'kuti mkuluyu azingodikira.

Mlongo wako

24 Juni

Bambo ndi Achimwene,

Moni kwa nonse, ndi alamu anga amene akuwerenga kalatayi mokweza. Alamu, muwerenge pang'onopang'ono.

Sindinanyanyale. Bambo munati ndizisiye ndipo ine sindinasiye, tsono ndinasowa cholemba, pakuti kukunamizani pakalata sindingathe. Ndikhululukireni.

Nditalandira kalata yanu ndinapita kwa mayi wa magolovesi uja kukamuuza kuti asavutike. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinamuuza za maso anu. Iye anati, "Mndandanda sindingausinthe, ena akudikiranso. Koma nthawi yanga ya nkhomaliro ndi yanga." Kuyambira tsiku limenelo wakhala akudya choimirira. Envelopu yomatirira sungaisolole, ungachotse chithunzi pagalasi. Amaiika m'kabokosi ka chinyezi kuti pepala lifewe, n'kumalikweza pang'ono tsiku lililonse ndi kachitsulo kopyapyala. Ndikafulumira ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zamutengera masabata asanu ndi limodzi.

Lachinayi anandiimbira kuti ndibwere. Mu envelopu 4417 munali magalasi awiri.

Loyamba ndi la chithunzi chimene muli nacho, koma chosadula m'mbali. Nsalu ikuoneka yonse, pansi pake patulukira zala za kumapazi, ndipo m'mbali mwa mimba yanu muli zipsera ziwiri pamene anakanda manja.

Lachiwiri ndi limene linawonongeka. Inu Bambo munagwedezeka, mwina munalira, moti nkhope yanu ndi chifunga chokhachokha. Koma munthu wa m'nsaluyo sanapirire. Anakankha nsalu kumutu n'kusuzumira kuti akuoneni, ndipo nthawi yomweyo wojambula anali atatsegula kale kamera. Nkhope yake yagwidwa bwinobwino, mpaka nsidze. Sindikufotokozerani mmene alili, mudzionere nokha.

Wojambula wina aliyense akanaliphwanya galasi limenelo kapena kulichapa n'kuligwiritsanso ntchito. Mkulu uja analisunga. Ndipo anali ndi chizolowezi cholemba malangizo kwa womutsukira zithunzi pa envelopu, ndi pensulo. Ndakopera mawu ake monga alili:

"Awiri. Loyamba labwino, kanda manja, tsukira banja. Lachiwiri mwana wagwedezeka, mayi wasuzumira, n'lotaya."

Pansi pake, ndi pensulo ina yakuda kwambiri:

"Usataye. Mayi wabweranso yekha Lachisanu, wapempha lachiwirilo. Ndamuuza kuti mwana sakuoneka bwino, akuti iye akumuona. Mutsukire kakang'ono kolowa m'thumba, akuti akupita kutali."

Chifukwa chimene anapitira, kapena amene anamupititsa, envelopu sikunena, ndipo ine sindipeka. Ndikungodziwa kuti pochoka anatenga chithunzi chimene muli awiri.

Mayi wa magolovesi uja wanditsukira chithunzi cha galasi lachiwirilo, chachikulu ngati theka la chitseko, ndipo wachiwalitsa mwadala kuti diso lofooka ligwire. Ndachikulunga m'paipi ya pulasitiki n'kupatsa dalaivala wa basi ya m'mawa, ifika Lolemba. Achimwene mukachilandire nokha, ndipo musambe m'manja kaye. Bambo, mukafuna osachitsegula, ndi ufulu wanu. Sindidzafunsanso.

Mwana wanu

5 Julayi

Namafunso,

Moni mwana wanga. Akulemba ndi apongozi monga kale. Mlongo wako ali pomwepa, akuti anasamba m'manja kawiri.

Katundu wako anafika Lolemba. Anagona pakona masiku atatu, ine ndikumudutsa ngati sindikumudziwa. Lachinayi m'mawa ndinauza mlongo wako kuti asapite kugalaja. Anatulutsa chithunzicho n'kuchikhoma pachitseko cha chipinda chosokera, kunja, pamene dzuwa la m'mawa limamenya.

Uyambe wandithokozera mayi wa magolovesiyo. Umuuze kuti telala wina wokalamba wati ntchito yake ndi yaukhondo, ilibe ulusi wolendewera. Anthu otere ndi ochepa. Wojambula uja naye, Mulungu amugoneke bwino. Ndinkadutsa pa situdiyo yake tsiku ndi tsiku ndili mnyamata, osadziwa chimene wandisungira kuchipinda chakumbuyo. Ndi makina anu a masiku anowa ndawavulira chipewa, ine amene ndinkati foni ndi chidole.

Diso langa silitenganso chinthu chonse pakamodzi, ndiye ndinachiona chidutswachidutswa, monga mmene ndimayendera msoko. Ndinayambira pansi, chifukwa ndinkaopa kumwamba. Zala za kumapazi. Nsalu. Manja awiri atandigwira m'khwapa, zala zitalowa m'mnofu, kugwira kwa munthu woopa kugwetsa. Kenako kolala ya diresi. Anasoka yekha pamanja, mbali imodzi yatalika kuposa inzake, ndipo ulusi anakoka kwambiri moti yachita makwinya. Wophunzira wanga akanasoka chotero ndikanamumasulitsa. Pamenepo ndinaseka, mlongo wako n'kudabwa.

Kenako ndinakweza diso.

Mwana wanga, moyo wanga wonse ndakhala ndikukonza mafunso oti ndidzamufunse munthu ameneyu. M'mutu mwanga anali mayi wamkulu, wouma nkhope, wodziwa chimene akuchita. Pachitsekopo ndinapeza kamtsikana. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mwina sikanafike. Masaya ake ndi a mwana, kakhosi kowonda, tsitsi lasokonezeka ndi chinsalu chija. Sakuyang'ana kamera n'komwe. Akuyang'ana ine, kukamwa kuli kotsegula pang'ono, akundiuza kanthu kuti nditonthole. Ndipo ali ndi mantha, ndinawaona m'maso mwake. Iwe pa msinkhu umenewo ndinkakuperekeza kokwerera basi, osalola kuti uyende wekha.

Ndiye ine nkhalamba ya imvi, ya ana akuluakulu, ndakhala zaka zonsezi ndikukwiyira mwana. Ndinachita manyazi kwambiri. Kaya anamuthamangitsa, kaya anadwala, kaya anabwera n'kubwezedwa pakhomo, sindidzadziwa, ndipo amene akanandiuza onse anapita. Koma mwana wotere sangakhale ndi mlandu umene ndinamusenzetsa.

Ndinafuna kunena kuti "Amayi," lilime linakana, pakuti sindinalitchulepo liwu limenelo kwa iye chibadwire. Ndinangoika dzanja patsaya lake n'kunena kuti, "Pepa mwanawe, unavutika." Mlongo wako anapita kuseri kwa nyumba, akuti kukaona mpope. Ine ndinaima pomwepo ndikumuyang'ana mpaka dzuwa linachoka pachitseko, ndipo mawa likatuluka ndikaimanso.

Bambo ako